Mbali Imene Anagonera Mlamu Wanga

Chaka chimenecho madzi anabwera mpunga usanabereke. Ku Kaporo madzi si mlendo, koma ulendo uwu anakwera mpaka msewu unasowa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi.

Mlongo wanga wamng'ono anakwatiwa kutsidya kwa dambo. Anali ndi ana awiri, mtsikana wongoyamba kumene kutumidwa, ndi mnyamata wa kubere. Mwamuna wake anamanga nyumba kuminda, kutali ndi makolo ake, kuti aziyang'anira mpunga. Mlamu wangayo anali wamtali, woyererako khungu, wa nthabwala. Akamwa ankamenya. Anthu onse ankadziwa. Ankadziwanso kuti tsiku lina mlongo wanga anamubwezera ndi chikuni anthu akuona, n'kunena kuti, "Tsiku lina ndidzakugonekani ine." Anthu anaseka. Koma sanaiwale.

Mlamu anadwala madzi ali pakhomo. Chifuwa, ndi kutentha thupi. Uthenga unabwera kwa ine chifukwa ndinali ndi bwato. Ndinafika m'mawa. Ndinamupeza atakhala tsonga, akupuma mokoka. Mtsikana tinamusiya kwa anansi. Wa kubere anali kumsana kwa amake.

Bwato langa linali la mtengo umodzi, lopapatiza. Ndinalisemera kuyenda m'minda, osati kunyamula odwala. Munthu wamkulu sangagonemo chagada, mapewa amakana. Tinapinda mphasa n'kuiyala pansi. Tinamugoneka cham'mbali, kumanzere, mawondo atapinda. Mutu unali kwa ine kumbuyo, miyendo kwa mkazi wake. Dzanja lamanja analiika yekha pankhope, kutchinga dzuwa.

"Alamu," anatero, "bwato ili munasemera anthu kapena njoka?"

"Gonani phee. Mutigubuduza."

"Kupalasa kwake kumeneku, tikafika ine nditachira kale."

"Pakamwa pokha sipadwala," mlongo wanga anatero. "Simufa lero inu."

Anaseka, chifuwa n'kumugwira.

Chipatala chaching'ono chinali kumsewu. M'chilimwe munthu amapita wapansi n'kubwerako asanamve njala. Tsiku limenelo mtsinje unali utasiya njira yake. Madzi ofiira, othamanga, atanyamula nthochi zozuka ndi mitengo. Ndinayesa kuwoloka, anandibweza. Ndinatsika nawo kufuna malo ena. Anandibwezanso. Dzuwa lisanafike pamutu mlongo wanga anati, "Taimani."

Anagwira phazi la mwamuna wake n'kuligwedeza. "Bambo ake. Bambo ake, inu!"

Sanayankhe.

Ndinafuna kumuwongola, kumugoneka ngati munthu. Ndikangowerama bwato linkapendekeka, madzi n'kulowa. Mtunda panalibe. Kulikonse madzi ndi nsonga za mpunga. Ndinapisa dzanja limodzi n'kumutseka maso, ndinakoka bulangete. Dzanja lake linatsala pomwe analiika. Mlongo wanga anayamba kulira, mwana naye anayamba.

Maliro amapita kwawo. Kwa makolo ake kunali kokwererako, koma kumtunda kwa madzi. Ndinakankha bwato ndi nsungwi masana onse. Dzuwa linali loopsa. Tinafika litapendeka.

Amuna anabwera kudzamunyamula. Anali atauma. Anatuluka mmene bwato linamuumbira, wopindika, dzanja lili pankhope. Pamene mmodzi anamukumbatira pachifuwa kuti amukweze, mlamu anabuula. Kubuula kwenikweni, kwa pakhosi, kwautali. Amayi ena anathawa. Amake a mlamu anathamangira pomwepo.

"Ali moyo! Musiyeni, ali moyo!"

Anamugwira pamphumi. Panali pozizira. Anakhala pansi m'matope.

"Mwana wanga akudandaula," anatero. "Ali ndi mawu."

Ine ndinakhala panja ndi amuna. Mapewa ankandiwawa. Pasanapite nthawi anandiitana m'nyumba momwe ankamusambitsa. Munali amuna achikulire ndi mkulu wake wa malemu. Mkuluyo ndiye anali tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Ankalankhula motsitsa nthawi zonse. Sankasowa kukweza mawu.

Anavundukula nsalu.

Mbali yonse yakumanzere inali yakuda, kuda kofiirira. Tsaya, khutu, khosi, nthiti, mpaka m'chiuno. Pa khungu lake loyererako zinkaonekera patali. M'nthitimo munali mizere yotuwa, yowongoka, yondondozana, ngati momwe yadutsa ndodo. Kumanja kunalibe kanthu. Dzanja anayesa kulitsitsa, linakana.

"Alamu," tcheyamani anatero, "ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Munthu wa chifuwa amafa atatchinga nkhope?"

"Amatchinga dzuwa."

"Dzuwa limamenya nthiti?"

"Tsaya ndinaliona m'mawa. Linali bwinobwino."

"Ndiye kuti zachitikira m'bwato." Anabwezera nsalu. "Munalimo ndani?"

"Ine ndi mkazi wake."

"Munthu ndi mlongo wake. Mboni yawo mwana wa kubere."

Nthiti zake m'mawa sindinazione, anali m'malaya. Nditatuluka ndinayang'ana mlongo wanga atakhala pakati pa amayi. Amayiwo anali atasunthira kale uku ndi uku. Anali yekha pamphasa, akuyamwitsa.

Ndinamukokera kuseri kwa nthochi.

"Iwe, unamumenya?"

"Inunso, achimwene?"

"Ndikufunsa."

"Munthu wosatha kudzuka ndimumenyerenji? Ndamufungatira usiku wonse, akundisanzira."

Ndinamukhulupirira. Koma kukhulupirira kwanga kunalibe ntchito. Kwathu mkazi wamasiye amakhala pamudzi pa mwamuna, kulera ana pomwepo. Ana ndi a kuchimuna. Akamuchotsa, amachoka yekha. Ichi ndicho chinali m'mitima ya tonse awiri, ngakhale palibe anachitchula.

M'mawa mwake dzenje linakana. Akakumba kufika m'mawondo madzi ankadzadza. Anasiya n'kukayamba pena, pafupi ndi chulu. Maliro sakanaikidwa m'mawa. Mtsinje unali utatsikako. Ndinatenga bwato osauza munthu.

Kuchipatala kunali bambo wa malaya oyera amene tonse tinkamutcha dokotala, ngakhale madokotala enieni anali ku boma. Anali wa kuchigawo chapakati. Chinkhonde, chilankhulo chathu, ankadziwa moni yekha. Ndinadikira pamzera pakati pa amayi a ana, n'kulowa ndi Chichewa changa cha mumsika.

"Wodwala ndi inu, bambo?"

"Wodwala anamwalira dzulo. M'bwato, tikubwera kuno."

"Pepani. Nanga tikuthandizeni chiyani?"

Ndinafotokoza. Anandidula.

"Anagonera mbali iti?"

"Kumanzere."

"Ndipo kwada ndi kumanzereko."

"Eya."

"Kumanja kuli bwinobwino."

"Eya."

"Amenewo si mabala, bambo. Mtima ukaima magazi sayendanso. Amatsikira kumunsi, ngati madzi a m'minda mwanumu. Akanagona chagada kukanada kumsana. Maliro ambiri amada kumsana. Afunseni osambitsa, amaona."

Zinali zoona. Msana wakuda ndinauonapo, pa maliro a amalume anga. Palibe anafunsa kanthu. Tinkangoti ndi mmene amakhalira maliro. Koma kwathu munthu akangotsirizika timamugoneka chagada, n'kumuwongola. Wogonera m'mbali tsiku lonse sitinamuonepo.

"Nanga mizere?"

"Munayala chiyani?"

"Mphasa yopinda."

"Ndi imeneyo. Pamene thupi latsamira cholimba magazi safikapo."

"Dzanja?"

"Thupi limauma pakapita kanthawi, ndipo limaumira mmene mwalisiyira. Lifewa lokha. Kukatentha chonchi silichedwa. Mimba itupanso, mwina m'mphuno mutuluka madzi. Musadabwe. Ndi kutentha, si mankhwala."

"Anabuula. Ndinamva ndekha."

"Mpweya wotsala m'chifuwa. Wina anamufinya pomunyamula, eti? Basi."

Ndinamva kupepuka, koyamba chichokereni m'bwato muja. Ndinaimirira.

"Ndiye tiyeni, adokotala. Bwato lili apo. Mukanene mmene mwaneneramu."

Sanadzuke. Anayang'ana kukhomo.

"Malemuyo mkulu wake ndi ndani?"

Ndinamuuza.

"Ndimawadziwa. Amabwera kuno ndi anyamata awo kudzagulitsa makhadi pamzerapo." Anatsitsa mawu. "Bambo, ine ndine wobwera. Ndikapite pamaliro a eni ake, ndikatsutse a tcheyamani anthu awo akumva? Mawa akanena kuti ndanyoza ndani? Nanenso ndili ndi ana."

"Mlongo wanga nayenso."

"Ndamva. Koma ine si woyeza maliro. Woyeza ali ku boma. Kuti ayeze, mpaka apolisi. Apolisi akabwera ayamba atenga mlongo wanuyo, ndi inu. Kufunsa pambuyo. Mukufuna zimenezo?"

"Ndiye nditani?"

"Kawauzeni zimene ndakuuzanizi. Koma dzina langa lisamveke."

Anandipatsa mibulu ya mankhwala ya mapewa anga. Anaitana wotsatira.

Ndinabwerera masana. Ndisanamange bwato ndinamva kuti kulira kwasintha. Dzanja la malemu linali litagwa lokha. Thupi lonse linafewa, khosi kumangogwedera. Kwathu maliro akafewa amati akuitana wina wa pamtundu. Mimba inali itayamba kukwera, m'mphuno mukutuluka madzi ofiira. Amayi ankanong'onezana kuti mlongo wanga sanangomumenya, anamudyetsanso kanthu. Mayi wina anakumbutsa za chikuni chija, ndi mawu aja. Mawuwo anayenda bwalo lonse.

Atauma anati amadziteteza. Atafewa anati akuitana. Mbali zonse zinkagwera mlongo wanga.

Amuna anali pansi pa mtengo wa mango. Bambo anga anali atafika, atakhala kumapeto, chipewa chili pabondo. Ndinapempha kulankhula. Ine kulankhula pagulu sindikutha. Zimene ndinamva m'Chichewa zinali zowongoka. Pozitembenuzira m'Chinkhonde zinatuluka zoduka-duka. Ndinanena za magazi otsikira kumunsi, za mphasa, za mpweya. Ndinati kufewa ndi kutupa zimabwera zokha.

"Mwaphunzira liti udokotala, alamu?" tcheyamani anafunsa. "Dzulo munati simukudziwa."

Ena anaseka.

"Ndauzidwa."

"Ndi ndani?"

Dokotala sindinamutchule.

"Wakuuzaniyo ali kuti? Alibe miyendo?"

"Ndi munthu wodziwa."

"Wodziwa wopanda dzina."

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene aliyense pamenepo ankachidziwa. Tonse ndife anthu a ng'ombe.

"Ng'ombe ikafera yokha m'matope," ndinatero, "mukamaisenda, mbali imene inagonera nyama yake imakhala yotani? Si yakuda ndi magazi? Ya pamwamba si yoyera? Ndani anaimenya?"

Kunali zii. Ndinaona amuna awiri akuyang'anana. Mmodzi anagwedeza mutu pang'ono, kuvomera. Ndinaganiza kuti ndawapeza.

Tcheyamani anadikira kuti zii uja atalike.

"Mwamva nonse," anatero. "M'bale wanga wagona m'nyumbamo. Mlamu wake akuti ndi ng'ombe yofera m'matope."

"Sindinatero."

"Mayi anga ali apo akumva. Anabereka ng'ombe."

Amake anakuwa. Achinyamata ena anaimirira. Bambo anga anandikoka malaya kuti ndikhale pansi. Amuna awiri aja anayang'ana pansi.

"Samalani pakamwa, alamu," tcheyamani anatero, motsitsa. "Alipo ena anayamba chonchi. Sitikuwaonanso."

Panali nkhalamba ina, m'bale wa bambo ake a malemu, yosaona bwino. Inalankhula osapempha.

"Kale sitinkakangana chonchi. Munthu akafa modabwitsa tinkamung'amba pamanda pomwepo. Abale a mbali zonse ankayang'ana. Bala limaoneka mkati. Ngati mulibe, mulibe. Mkazi ankatsala ndi ana ake."

"Ifeyo ndife Akhristu, agogo," mkulu wa mpingo anatero. "Thupi ndi la Mulungu."

"Ndipo boma linaletsa," tcheyamani anatero. "Mukufuna atimange tonse?"

Nkhalamba inatafuna mkamwa mopanda kanthu. "Ine ndangonena," inatero.

Njira ya makolo inatsekedwa. Njira ya chipatala inadzera kupolisi. Panatsala pakamwa panga, ndipo panali patalakwa kale.

Anamuika madzulo, fungo litayamba. M'dzenje munali madzi akumapazi, anakapa ndi ndowa mpaka bokosi litafika. Mlongo wanga sanaloledwe kuyandikira. Anaima patali ndi mayi athu. Mtsikana wake anali atamutenga kale kwa anansi kuja. Anali m'manja mwa azakhali ake, mlongo wa malemu.

Nkhani anaikamba masiku a maliro atatha. Sinatalike. Tcheyamani anati banja lawo ndi la chifundo, kupolisi sapita. Koma mkazi ameneyu pamudzi pawo sakhala. Palibe m'bale wa malemu amene angamusunge. Munda wa mpunga ndi wa pamtundu. Mtsikana atsala. Mnyamata apite ndi amake chifukwa ali pabere, koma tsiku limene adzasiye kuyamwa adzabwere kwawo.

Bambo anga anafunsa ngati pali njira ina.

"Ilipo. Bwezani ng'ombe, ndiye tikambe."

Bambo sanandiyang'ane. Sanafunikire kutero. Ng'ombe za malowolo zimene zinalowa kwathu chifukwa cha mlongo wanga ndi zomwe zinatuluka kukatenga mkazi wanga. Ndi mmene timachitira. Mlongo amakwatiwa, mchimwene amakwatira. M'khola mwathu munatsala thole limodzi lodwaladwala. Kwa apongozi anga sindikanapita kukazitenga. Mkazi wanga anali ndi pakati.

"Ndaga," bambo anatero, ndiko kuthokoza kwathu. Anavala chipewa.

Mlongo wanga analoledwa kutenga zovala zake ndi mphika umodzi. Mtsikana anamutsatira mpaka pa nthochi za kumalire. Azakhali ake anamunyamula n'kubwerera naye. Kulira kwake tinakumva mpaka titafika pamadzi.

Ndinayesanso. Ndinapita kwa mmodzi wa amuna awiri aja, amene anagwedeza mutu. Ndinamupeza akumanga ng'ombe pagoli.

"Za ng'ombe zija munanena zoona," anatero. "Ndasendapo zambiri."

"Ndiye bwanji simunalankhule?"

"Mwana wanga akufuna malo kusukulu ya sekondale. Mukudziwa amene amanenera anthu." Anakoka chingwe. "Komanso mkaziyo anali ndi pakamwa. Chikuni chija ndinachiona ndekha."

Kwa mkulu wa mpingo ndinapitanso. Anati tipemphere. Tinapemphera.

Dokotala uja anasamutsidwa chaka chisanathe. Sindinamuonenso.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusambitsa maliro m'mudzi mwathu. Sindinasankhe, anthu anangozolowera kundiitana. Ndaona zonse zimene ananena bambo uja. Ndaona ndevu zikuoneka ngati zamera pa munthu amene tinamumeta dzulo, pamene ndi khungu labwerera. Ndamva kubuula kangapo. Ndikafika pamene munthu wangotsirizika, choyamba ndimamugoneka chagada, manja m'mbali. Ndimayala nsalu yosalala. Achibale amati ndine waulemu. Sindiwauza chifukwa.

Mlongo wanga anakhala m'nyumba ya mayi athu. Mtsikana wake ankamuona mwa apo ndi apo, kumsika kapena kumaliro, patali. Poyamba mwanayo ankathamangira. Kenako anayamba kubisala kumbuyo kwa azakhali ake. Zimene ankamuuza kumeneko sitikuzidziwa. Timangoganiza.

Mnyamata sanamuletse bere. Anamera mano, anayamba kuyenda, anayamba kudya mpunga ndi usipa ngati wina aliyense. Amake ankamuyamwitsabe. M'mawa, masana, pobwera kumunda. Anzake amene anabereka naye nthawi imodzi anali ndi ana ena kumsana. Iye ankamwa phala ndi thobwa mokakamiza kuti mkaka usaume. Anaonda, mafupa a m'khosi kuonekera. Mayi athu ankamukalipira.

"Ufa nazo izi. Mwana wathamanga kale uyu."

"Akuyamwa," ankatero. "Simukuona?"

Azakhali aja ankabwera pakapita miyezi. Ankakhala pamphasa, kulonjerana, kufunsa za mvula. Mlongo wanga ankaitana mwana kuchokera kosewera, n'kumuika pabere iwo akuona. Mwanayo miyendo inkafika pansi. Azakhali ankayang'ana, n'kutsanzika.

"Chimwana chonsechi," anatero ulendo wina. "Mudzamuyamwitsa mpaka adzamere ndevu?"

"Anatero a tcheyamani. Akadzasiya."

Mpunga unadzalidwa, unakololedwa, unadzalidwanso. Mwana anayamba kulankhula bwinobwino. Anzake anayamba kumuseka.

Tsiku lina azakhali anabwera m'mawa, ndi mwamuna wawo. Ine ndinali pakhonde ndikukhoma mpini wa khasu. Analonjerana. Mlongo wanga anaitana mwana. Anabwera monyinyirika, m'manja muli galimoto yake ya dongo. Anamukhazika pamiyendo, anatsegula bulauzi. Mwanayo anayamwa pang'ono, n'kusiya. Anayesa linalo. Anatembenuka kuyang'ana alendo.

"Mulibe kanthu," anatero. "Masiku onse mumakhala mulibe."

Palibe anaseka. Mlongo wanga anamukankhira mutu pachifuwa. Mwana anakana, anatsika, anatola galimoto yake.

Azakhali anaimirira, n'kumasula chitenje cha m'chiuno.

Mlongo wanga anakhala kanthawi bulauzi ili chitsegukire. Kenako anaitseka. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kabudula ndi malaya awiri, atazikulunga m'kansalu. Anawauza kuti mwanayo sadya nyemba, zimamutsegula m'mimba. Anawauzanso kuti akamagona amafuna wina amugwire khutu.

Mwana ankayesa ndi ulendo wokacheza. Anatitsanzika yekha. Anandifunsa ngati ndimusungire galimoto kapena apite nayo. Ndinati apite nayo.

Atazimiririka m'nthochi, mlongo wanga anabwera pamene ndinakhala. Anayang'ana khasu lija.

"Latha?"

"Latsala pang'ono."

Anaima pomwepo kudikira. Nditamaliza analitenga, n'kupita kumunda.